Manja a Alexio

Roza ankasenda mtedza wambewu pakhonde pamene anaona dzanja la mwana wake. Lonjezo anatambasula mkono kuti atape mtedza m'lichero, kansalu kamene anamanga kudzanjako n'kumasuka. Pa mfundo za zala zitatu panali mawanga oyera, ngati wagwira ufa.

Mtima wa Roza unadumpha, ndipo chimene chinamuchititsa manyazi n'chakuti unadumpha ndi chimwemwe. Manja amenewo ankawadziwa. Anali manja a Alexio, mwamuna wake, amene anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi m'mbuyomo.

"Zayamba liti?" anafunsa.

"Mwezi wa chisankho uja," anatero Lonjezo, akubisa dzanja kukhwapa. "Ndimayesa zitha zokha. Pano zafika ndi kuseri kwa khutu."

Chaka chimenecho, 1994, boma latsopano linalengeza kuti pulayimale ndi yaulere. Ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi, aphunzitsi n'kuchepa. Lonjezo analembedwa ntchito pamodzi ndi achinyamata ena ambiri, ndipo ankayenera kuyamba kuphunzitsa Lolemba lotsatira.

"Sindipitako," anatero mtsikanayo. "Ana onse aja azikandiyang'ana. Mwaiwala kuti bambo ankawatcha a Nkhanga? Amayi, inu munaona mmene analili. Munawaloleranji?"

 Roza anapitiriza kusenda, koma maganizo ake anali atabwerera ku chaka chimene mmisiri wachinyamata, Alexio, anabwera kudzakonza mabenchi a m'tchalitchi chawo. Ankapala thabwa akuimba, malaya atapinda mpaka m'zigongono, osabisa mawanga ake. Anthu ankanong'ona kuti ndi khate. Pa nkhomaliro ankamupatsa mbale yakeyake, ndipo iye ankalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza ngati amuchitira ulemu. Malume ake a Roza anakana ukwatiwo miyezi itatu, amvekere mudzi wonse udzadzaza ana amawanga.

Zaka zikupita, kuyerako kunakwera pang'onopang'ono, m'mikono, pakhosi, kuzungulira maso. Mu Okutobala dzuwa linkamuwotcha mpaka matuza, ndiye ankagwira ntchito atavala chipewa chachikulu cha mlaza. Akaweruka ankabwera akununkhira mkungudza, n'kunyamula ana awiriawiri.

Mawa lake Roza anadzutsa mwana wake m'mamawa, nauyamba ulendo wapansi wa ku chipatala cha mishoni ku Mtengowanthenga. Anawalandira ndi a Elifala, dokotala wachikulire wolankhula mosafulumira. Anayang'ana zala zija, kenako anang'amba kathonje.

"Tsinzinani, chemwali. Ndikakukhudzani munene."

"Apo. Apo. Aponso."

"Si khate ili. Likanakhala khate, pa mawangapa simukanamva thonje. Iyi timaitcha vitiligo. Khungu langosiya kupanga mtundu wake pa malo amenewa. Simungampatsire munthu, ndipo siifupikitsa moyo."

"Bambo anga anali nayo," anatero Lonjezo. "Ndiye kuti ana anganso?"

"Imatsata magazi, zoona, koma mwaulesi. Ana ambiri a makolo otere sakhala nayo." Anatembenukira kwa Roza. "Mayi, munabereka angati?"

"Asanu. Enawo ali bwinobwino."

"Mwaonatu."

"Nanga mankhwala alipo?" anafunsa Lonjezo.

A Elifala anavula magalasi. "Odzola alipo, ndipo mwachita bwino kubwera zikungoyamba. Kuseri kwa khutuko mtundu ukhoza kubwerera, umayamba ngati timadontho, koma pamafunika miyezi. Zala n'zouma mutu. Sindikunamizani, mwina ziima pomwepa, mwina zipitirira. Muzipewa dzuwa la masana, ndipo wina asakupakeni zowotcha khungu, mungangowonjezera zipsera."

Pobwerera anayenda mpaka pa kamlatho ka mitengo. Mapiri a Dowa anali otuwa ndi utsi wa lupsa. Roza anakhala pa mwala, nafunyulula mbatata zowotcha zimene anatenga.

"Dzulo unandifunsa funso," anatero. "Koma ndiyambe ndaulula tchimo. Nditaona zala zakozo ndinasangalala. Ndakhala zaka zonsezi ndikufunafuna bambo ako pa nkhope za ana anga, osawapeza. Dzulo ndinawaona akutapa mtedza m'lichero mwanga. Undikhululukire. Iwe ukulira, ine mumtima ndikuti, abwera."

Lonjezo anayang'ana madzi.

"Kuwalola ndinawalola chifukwa cha mbale ija ankawapatulira. Tsiku lina ndinakhala pansi n'kupisa dzanja m'mbalemo, ndione chimene chingandichitikire. Anandiyang'ana, amvekere, 'Chemwali, mwasamba m'manja? Ine ndimadwala msanga.' Ndinaseka mpaka kutsamwa. Kuyambira tsikulo ndinadziwa kuti kwina sindipita."

Lonjezo anaseka, misozi ikutsika. "Koma sizinkawapweteka?"

"Zinkawapweteka. Masiku ena ankalowa m'nyumba osafuna kuona munthu. Kukacha ankatenga chipewa n'kutuluka. Ine sindikuuza zochita, mwanangu. Khungu ndi lako."

Lolemba, Roza anasenza chimanga ngati wopita kuchigayo, koma anadzera njira yaitali yodutsa kusukulu. Makalasi anali atadzaza, moti ana ena ankaphunzirira panja. Pansi pa mtengo wa mkuyu panakhala ana oposa zana, ena a zaka zisanu ndi chimodzi, ena otha msinkhu, ndipo bolodi linali litakhomedwa pa thunthu. Roza anaima kuseri kwa mpanda.

Lonjezo anali pamenepo, choko chili m'dzanja la mawanga lija, atachotsa kansalu.  Analemba chilembo chimodzi chachikulu, ndipo asanatembenuke, kamtsikana ka kutsogolo kanaimika mkono.

"Aphunzitsi, mwapsa ndi chiyani?"

Ana ena anaseka. Roza anagwiritsa dengu lake.

Lonjezo anakweza dzanja m'mwamba, nalitembenuza uku ndi uku kuti ndi akumbuyo omwe aone.

"Sindinapse. Ndinatengera bambo anga, mmisiri amene anapanga mabenchi a kutchalitchi mumakhalira aja. Mwaona nonse?"

"Eee!"

"Chabwino. Tsopano maso pa bolodi. Nenani nonse: a."

"Aaa!" anayankha ana, mpaka njiwa zinabalalika mu mkuyu.

Roza anakonza nkhata pamutu, natsetsereka kulowera kuchigayo.