Chitsime cha Mai Tsungai

"Zaka makumi atatu, kamtengo aka sikanandinamizepo," a Mhizha ankauza anthu pasitolo ku Chivi, akugwedeza kamtengo kawo ka mphanda kofufuzira madzi a pansi. Akazi awo, amene ankasankha sopo chapafupi, anangotsokomola. A Mhizha ankachidziwa chifuwa chimenecho. Sichinali cha chimfine.

Apa n'kuti amuna atatu atatha milungu itatu akukumba chitsime kwa Mai Tsungai, mayi wamasiye amene anagulitsa ng'ombe yake imodzi yokhayo kuti awalembe ntchito. Ankakumba pomwe kamtengo kanaloza, koma kunkangotuluka fumbi. Tsiku loyamba mayiyu ananena kuti malemu amuna ake ankati madzi ali pafupi ndi mkuyu. A Mhizha anamuseka pagulu: "Mai, malemuwo ankadziwa kulima mapira. Za madzi tisiyireni ife."

Tsopano okumbawo anali atanenetsa kuti Loweruka akupita kwawo, kaya madzi atuluka kaya ayi.

Pobwerera kunyumba, a Mhizha anayamba kukumbukira zitsime zawo chimodzichimodzi. Zonse zotulutsa madzi zinali m'madambo, momwe ngakhale mbuzi ikanatha kuloza. Nanga zouma zija? Nthawi zonse ankati okumbawo ndiwo anali aulesi. Anadabwa kuti dera limodzi lingakhale ndi alesi ochuluka chonchi.

"Amake Farai, kodi kamtengoka kamagwedezeka kokha, kapena ndi manja angawa?" anafunsa akazi awo madzulo, atawapatsa sadza, nsima ya kumeneko.

"Mukundifunsa lero, nditamera kale imvi? Idyani sadza, ikuzizira."

M'mawa mwake anafika kwa Mai Tsungai chimanjamanja.

"Akuluakulu, tiyeni kumkuyu."

"Sekuru, kamtengo kasintha maganizo?" anafunsa mkulu wa okumba, powatchula agogo m'chinenero chakwawo.

"Kali patchuthi. Ndipatseni pikiyo."

Anakumba nawo masiku anayi, msana ukudandaula. Lachisanu masana dothi linada, kenako ndowa inakwera ikudontha matope. A Mhizha anakhala pansi, miyendo tambalale, n'kupumira m'mwamba ngati munthu wotula mtolo.

Anthu atasonkhana, a Mhizha anavula chipewa, n'kugwada, n'kuwomba m'manja.

"Mai Tsungai, ndinakunyozani pagulu, ndiye ndipepesenso pagulu pomwe. Malemu ankadziwa. Ine ndinkangoganiza."

Mayiyo anawayang'ana kanthawi ndithu, kuti aliyense aone bwino.

"Ndamva, Sekuru, zatha. Koma dzukani msanga, mwagwadira chingwe cha ndowa."