Wokumba ambara wopanda nyimbo

Kwathu ku Simojovel, wokumba ambara, mwala wopangira mikanda, saloledwa kukhala chete. Mwala wachikasuwo uli kutali m'kati mwa phiri, kofika chokwawa, kandulo ali pambali. Ndiye wokumbayo amaimba, mnzake wotulutsa dothi n'kumamvetsera. Nyimbo ikayamba kukokeka ndiye kuti mpweya waipa, mumukoke miyendo msanga.

Alamu anga a Fidencio adandiimbira zaka makumi awiri. Mawu awo anali oipa zedi.

"Alamu, abulu akudandaula kunja kuno," ndinkatero.

"Auzeni alowe adzakumbe okha!"

Chaka chatha fumbi lidawadya pakhosi. Achemwali anga a Petrona, akazi awo, adayesa uchi ndi mandimu, osathandiza. Pofika nyengo yothyola khofi n'kuti alamuwo akungonong'ona.

Ndidawauza a Fidencio tili pakamwa pa dzenje.

"Lero musalowe. Tisinthane, inu muzikankha wilibala."

"Ndi msana uno?" adanong'ona. "Ndipo inuyo ambara mungamuone? Paja mudalephera kupeza nkhumba m'khola."

"Nanga ndizidziwa bwanji kuti muli bwino?"

"Muzimvera nyundo."

"Munthu amamenyabe nyundo mutu utazungulira kale, alamu. Mukudziwa."

Adakweza chibwano kuti andionetse kuti nyimbo ikadalipo. Kudangotuluka kamphepo ngati ka tayala lobooka. Iwo adaseka, ine ayi.

Pofuna kuti asalowenso, ndidawasiya n'kukalowa gulu lina. A Fidencio adazungulira maenje onse, aliyense n'kumawapatsa khofi, koma malo ayi.

Patatha sabata ziwiri a Petrona adandipeza ndikunola tchizulo.

"Achimwene, alamu anu akulowa okha dzenje lakale lija, kuseri kwa munda. Chimanga chatha m'nyumba. Ndiwaletsa ndi chiyani?"

Ndidabwerera. Tsopano ndimatulutsa dothi lawo monga kale, kenako n'kukhala pakamwa pa dzenje khutu lili tcheru. Nyundo imamveka, go, go, go. Kenako zii. Tsiku loyamba ndidakwawa kulowa kasanu ndi kawiri, n'kuwapeza akupukuta thukuta, akundithamangitsa ndi dzanja. Dzulo ndidalowa katatu. Maondo anga nawonso akalamba, ndipo khutu likuzolowera.

Sindidawauze a Petrona, koma ndikudziwa. Tsiku lina nyundo idzaleka, ine n'kungoti akupuma.