Mkanjo Woyera pa Benchi la Amayi a Mvano

Denga la tchalitchi chathu ndi la malata akale, amene tinagula atagwirako kale ntchito kwina, ndipo mabowo a misomali ya eni ake oyamba adakalipo. Dzuwa likakwera, kuwala kumadontha m'mabowomo. Kumadontha pa mabenchi, kumadontha pa mipango ya amayi, kumadontha pa nsalu imene timaphimbira gome la Mgonero. Nsaluyo ili mbee, yositidwa ndi simbi ya makala, ndipo pansi pake pali mkate woduladula ndi tikapu ta vinyo, zonse zili chete, kudikira.

Ine ndine Yotamu, mkulu wa mpingo pano pa Ulongwe. Tsiku la Mgonero ntchito yanga ndi kuyenda ndi mbale ya mkate, mzere ndi mzere. Manja a mpingo uno ndimawadziwa: manja okhakhala ndi khasu, manja onunkhira usipa wa pamsika, manja a aphunzitsi amene choko sichiwachoka m'zikhadabo. Ndimawadziwanso amene anaimitsidwa Mgonero, amene mbale ikamayandikira amayamba kufunafuna nyimbo m'buku. Mkulu wa mpingo amayenda ndi mbale, koma amayendanso ndi maso, ndipo anga sanandinamizepo.

Lamulungu la Pasaka ili maso anga akana kuyenda. Aima pa benchi limodzi, mbali ya amayi, chakumapeto pafupi ndi khomo. Pamenepo, pakati pa mabulauzi oyera a amayi a Mvano, pali mkanjo woyera ndi chisoti choluka. Mwamuna pa benchi la amayi. Msilamu m'tchalitchi tsiku la Mgonero. Munthuyo ndi mng'ono wanga.

Anabadwa ali Zakeyu, anabatizidwa pa guwa lomweli akulira ngati akumupha. Atakula anapita kukakwatira ku Ntaja, nabwerako ali Idilisa. Zimenezo ndikanazimeza, pakuti pano pa Ulongwe belu ndi kuitana kwa ku mzikiti zimadutsana m'mwamba tsiku ndi tsiku osagundana. Chimene sindinameze ndi pakamwa pake. Tsiku la msika, pansi pa mlambe pafupi ndi ogulitsa kaunjika, pamaikidwa matebulo awiri ndi zimkuzamawu ziwiri, kuno buku lathu, uko buku lawo. Fumbi limakhala lili kobo, dzuwa lili pamutu, ogula tomato amaiwala tomato. Mng'ono wanga amaima, chala m'mwamba, nkumati Mneneri Isa, Yesu wathuyo, sanaphedwe, sanapachikidwe, zinangooneka choncho kwa anthu. Mulungu sangalole mneneri wake kufa imfa ya mbava, anamukweza kwa Iye ali wamoyo. Nanga amene sanafe angauke bwanji? A kwathu amayankha thovu lili kukamwa: nanga manda opanda kanthu aja, nanga wophunzira uja anapisa chala m'bala la yani? Kuno m'manja, uko m'manja. Dzuwa likapendeka amapinda matebulo popanda wogonja, ndipo Yesu amatsala pansi pa mlambe, kwa ena anafa nauka, kwa ena sanafe konse, onse nkubwerera kwawo akunena kuti ali moyo.

Tsiku lina Idilisa anakweza m'mwamba buledi wa m'golosale. Anati mawa lake tidzamudula tizidutswa nkumati tikukumbukira imfa, imfa iti, maliro opanda mtembo? Anthu anaseka. Kenaka ananena kuti tsiku lina adzabweretsa weniweni wa pagome lathu, anthu adzaone okha ngati akusiyana ndi wa m'golosaleyo. Mwina kunali kungokometsa pakamwa, poti mtsutso wa pamsika umafuna mchere. Koma ine ndinali chiimire kumbuyo kwa gulu, ndipo mawu amenewo ndinawanyamula, ndinapita nawo kunyumba, ndili nawo mpaka lero.

Pambali pake pa benchipo pakhala amayi athu, aNasimango. Chaka chatha sitiroko inawagwetsa m'munda. Mbali ya kumanja inafa, mawu anathawa, maso anachita nkhungu. Idilisa anawatengera kwake, akuti kwake nkufupi ndi chipatala. Akuti. Ine ndinaona zina. Ndinaona tsiku lawo litafika, atakulungidwa m'nsalu ya Chisilamu, ataikidwa dzuwa lomwelo, popanda bokosi, popanda nyimbo ya Mvano, ife tikungomva kuti zatha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kupitako ndimapitako, mwa apo ndi apo. Ndimaima pakhonde, ndimapereka moni, ndimasuzumira ngati amayi sanavekedwe mpango wachilendo. Sindikhalitsa.

Chigwereni m'munda muja amayi sanadyeko Mgonero, ndipo aliyense wa maso akuona kuti mvula ya chaka chamawa sadzaiona. Mgonero wa lero ndi wotsiriza. Iwo amene kwa zaka zonse ankachapa nsalu ya pagomeyi, amene ankatimenya tikaseka pa nthawi ya pemphero, lero abwera pa kaliyala wa njinga, atamangidwa ndi chitenje kuti asagwe, Idilisa akukankha wapansi m'matope. Wawaveka yunifolomu yawo ya Mvano. Bulauzi ili mbee, mpango uli mbee, kolala yositidwa bwino. Ndikanayenera kukondwa. Koma nyambo nayonso imaoneka ngati chakudya, ndipo ine mtima wanga sukukhazikika.

Nsapato wazisiya pakhomo, monga amachitira ku mzikiti. Zili apo, ziwiri, zogundana zidendene, pakati pa maambulera. Ndi ulemu kapena ndi chipongwe? Sakuimba nawo, koma sakuyang'ananso uku ndi uku. Wangoweramitsa mutu, dzanja limodzi lili kumsana kwa amayi. Akanakhala kuti akuseka ndikanadziwa chochita. Kufatsa kwakeko ndi kumene kukundiopsa.

A Matewere, mkulu mnzanga amene amayenda ndi tikapu ta vinyo, andikodola tili kutsogolo.

"A Yotamu, m'bale wanuyo mwamuona?" akunong'oneza. "Mayiwo adye, ndi mkhristu wathu. Koma dzanja lakelo lisakhudze mbale."

"Ndamva," ndikutero, ngati kuti ndimafunika wondiuza.

Kunja kwayamba kusintha. Mvula yotsiriza, ija imabwera chimanga chitakhwima kale, yasonkhana kumapiri, kuli bii. Madontho a kuwala aja akuzima limodzilimodzi, pa mabenchi, pa mipango, pagome. Mphepo yalowa ndi fungo la dothi. Tikuvundukula nsalu, awiri mbali iyi awiri mbali iyo, tikuipinda mwakachetechete. Abusa akuwerenga za usiku uja, za mkate wonyemedwa, za mmodzi amene anakhala pagome lomwelo mtima uli kwina. Mpingo wonse watsinzina. Ine ndekha ndikuyang'ana kukhomo.

Nyimbo yayamba pansipansi, ya mtanda ndi mwazi, ndipo mvula nayo yayamba, kaye ngati munthu akuwaza mchenga padenga, kenaka ndi mphamvu. Mabowo aja tsopano akudontha madzi. Ana akusunthira mbali, amayi akuphimba mabuku ndi zitenje. Ndikuyenda ndi mbale. Dzanja litenge, mutu uwerame. Dzanja litenge, mutu uwerame. Masiku ena pa ulendo umenewu mtima wanga umakhala phee, ndimamva ngati ndanyamula chinthu cholemera kuposa mbale. Lero ndikungowerenga mizere imene yatsala, ndipo mzere uliwonse ukatha mapazi akulemera. Ndikuona kale tsiku la msika. Ndikuona kale chala m'mwamba, kachidutswa ka mkate wathu kali pakati pa zala ziwiri, gulu likufa ndi phwete, wina nkufunsa kuti anampatsa ndani.

Ndazungulira dala, kuti mbale ifikire kwa amayi athu, osati kwa Idilisa. Afupika, amayi. Mapazi awo sakufika pansi. Dzanja lamanja lagona pamiyendo ngati si lawo, lamanzere lili njenjenje, silingagwire ngakhale tsamba. Idilisa wadzutsa mutu, watambasula dzanja lake kulunjika ku mbale.

Ndaibweza mbaleyo pachifuwa. Ndaibweza msanga, moti mzere wonse waona, ndipo mayi wina wa Mvano wasiya nyimbo pakati. Ndatenga ndekha kachidutswa, ndagwada pa simenti yonyowa, ndakafikitsa pamilomo pawo.

"Amayi, ndine Yotamu. Ndi Mgonero uwu."

Milomo ili gwa. Ndayesanso, ndakhudzitsa mkatewo pang'ono. Atembenuza mutu. Ndatsatira ndi dzanja, ngati mmene amachitira ndi mwana wokana phala, ndipo iwo abisa nkhope paphewa la mkanjo uja. Mvula ikusokosa padenga. Amayi a Mvano onse apeza choyang'ana pansi.

"Achimwene," Idilisa akuyankhula motsitsa, osandiyang'ana kumaso, "sadya kwa munthu wina. Ngakhale mlamu wanu amamukana. Phala, mankhwala, madzi, zonse ndi dzanja ili. Komanso mkate wotere sangameze, umafunika kunyenya."

Sindinadziwe zimenezo. Pakhonde paja sizioneka. Komabe mtima ukuti, wakonza bwino, wadziwa kuti pamenepa sungakane. Kumbuyo kwanga ndikumva tikapu tikugundana pa thireyi. A Matewere afika, aima, maso awo ndikuwamva pakhosi. Ndikadutsa, amayi apita kumanda ndi njala ya gome limene analitumikira moyo wawo wonse, ndipo wowamana ndine. Ndikapereka, ndaika thupi la Ambuye wanga m'dzanja la munthu amene amalalikira kuti thupilo silinapachikidwe. Mphuno imodzi silowa zala ziwiri. Ndikuyang'ana khosi la amayi, lopyapyala, mtsempha ukugunda pansi pa kolala yosita ija.

Ndaika mkatewo m'dzanja lake.

Waulandira ndi manja awiri. Waunyenya ndi chala chachikulu, pang'onopang'ono, mpaka wafewa. Wawakweza chibwano, wanong'oneza liwu lija amayamba nalo Asilamu chakudya chilichonse, Bisimila, ndipo pakamwa pamene panandikana ine patseguka. Akutafuna amayi. Akutafuna nthawi yaitali, maso a nkhungu aja ali kudenga, msozi ukutsika mbali yamoyo ya nkhope. Ameza. Kukhosi kwawo kwatuluka kamawu kophwanyika, ndipo mayi wa Mvano wokhala pafupi wakamalizitsa, wati Ameni. Idilisa wawapukuta pakamwa ndi nsonga ya mpango wawo.

Ndachita nsanje. Ndinene zoona, pamene ena akupukuta misozi, ine chimene chandigwira ndi nsanje, yowawa ngati ndulu. Ndine woyamba kubadwa, ndine wa mpingo wawo, ndine wonyamula mbale, koma amayi anga adya Mgonero wawo wotsiriza kwa Msilamu, ndipo kwa ine anatseka pakamwa.

Ndadzuka, mawondo anyowa. Ndiyenera kupitirira, mzere wa kumbuyo ukudikira. Koma maso anga atsala pa dzanja lija. Walibweza pamwendo, lili chofumbata. Mkate unali wochepa, inde, koma kodi wonse unalowa m'kamwa? Chala chachikulu chingabise kanthu. Kanyenyeswa kakang'ono nkokwana kukweza m'mwamba pansi pa mlambe.

Wandiona. Kwa nthawi yoyamba lero wandiyang'ana m'maso, ndipo nkhope yake si ya pamsika ija. Ndi ya munthu wotopa, wosagona tulo tokwanira. Wakweza dzanjalo pakati pa ine ndi iye, walifumbatula, watambasula zala zonse.

"Onani, achimwene. Mulibe."

Akananditukwana, ndikanapepukidwa. Dzanja lili pamenepo, lotseguka, mpingo ukuimba, amayi atsamira paphewa lake. Ndipo ine, mbale ya Ambuye ili m'manja, ndawerama ndi kuyang'anadi, mpaka pakati pa zala.