Funso la Njinga ya Olumala

Chiwagwetsereni sitiroko amuna awo Aphunzitsi, Mayi Simbi ankawabereka kumsana ngati khanda. Dzinalo anawapatsa ndi anthu apamdadada chifukwa ankasita zovala za eni. Chimbudzi chinali kumapeto kwa likole, ndipo Aphunzitsi, ngakhale anali atawonda, mafupa awo anali a munthu wamtali. Dokotala anali atanena mosabisa kuti mayiwo akapitiriza kunyamula chonchi, ogona akhala awiri.

Aphunzitsi pakamwa panali patakhota, mawu osatuluka. Dzanja lamanzere lokha ndi limene linkagwira ntchito, choncho awiriwa anapangana zawo. Kugogoda pabedi kunali kupempha madzi. Kugwira mkono mwamphamvu kunali kunena kuti kuchimbudzi, msangamsanga.

Loweruka limenelo mpikisano wa pa wailesi unaika njinga ya olumala. Mayi Simbi anazimitsa simbi, malaya a kasitomala ali theka, nayamba kuimba foni. Mlamu wawo, mchemwali wa Aphunzitsi, anali pampando akusenda lalanje.

"Alamu, foniyo mukungoitopetsa. Zimenezi amapatsana okhaokha."

"Ndiye mundibwereke msana wanuwo, poti umangotsamira mipando."

Foni inalowa. Mawu a muulutsi anamveka pawiri, m'khutu ndi pa wailesi.

"Mayi, funso ndi ili. Pachingerezi mphotho amati pulaizi. Koma amalinyero akale ankatchulanso chinthu china ndi mawu omwewa. Chinali chinthu chotani? Tiike kanyimbo, musadule."

Mayi Simbi anatembenukira kubedi. Chingerezi! Bambo ali pabediwa anachiphunzitsa mpaka kumera imvi. Mayiwo anagwada pambali pawo.

"Abambo, mwamva? Ndithandizeni, chonde. Njinga ndi yanu iyi."

Maso a Aphunzitsi anawala. Milomo inanjenjemera, malovu okha n'kutsika. Kenaka dzanja lija linatulukira n'kuwagwira mkono, kuwakokera pachifuwa.

"Ayi, abambo, osati panopa! Pirirani pang'ono!"

Dzanja linafinya kwambiri mpaka zikhadabo kulowa. Linasiya, n'kugwiranso, n'kukokanso.

"Afuna kunja achimwenewo," anatero mlamu. "Mukufuna zichitike za tsiku lija?"

Tsiku lija Mayi Simbi anachedwa, Aphunzitsi n'kudziipitsira pamaso pa ophunzira awo akale amene anabwera kudzawazonda. Anakana chakudya mpaka kutsala pang'ono kupita. Zimenezo ayi. Mayi Simbi anaponyera mlamu foni.

"Gwirani! Akabwerera muwachedwetse, muwapatse moni wa abale onse!"

Anatembenuka, nakweza Aphunzitsi kumsana. Chinachake chinalasa m'chiuno ngati waya wamoto. Anayenda m'likolemo atawerama, mapazi a bambowo akukhwekhwereza pasimenti. Aphunzitsi ankawamenya paphewa, akubuula ngati ng'ombe.

"Tafika, abambo, tafika, gwirani mtima."

Nyimbo inatha. Nyumba iliyonse inali itatsegula wailesi, ndipo mawu a mlamu anamveka m'mawindo onse.

"Eee, moni kaye kwa onse akundimva. Yankho ndi... nsomba yaikulu?"

"Pepani mayi, mwaphonya. Tilandire wina."

Wina uja anali bambo wa mawu onenepa, wosathamanga. Anati chinali chinthu chogwidwa, cholandidwa ndi mphamvu, monga sitima ya adani ikagwidwa pankhondo. M'wailesi munaombedwa m'manja.

Mayi Simbi anali atafika pakhomo la chimbudzi. Anaima. Anayang'ana mkono wawo, pamene panali mabala a zikhadabo.

"Abambo," anatero chapansipansi, "simumafuna kuno?"

Mutu wa bambowo unapukusika pakhosi pa mayiwo. Kenaka anamva kunyowa kotentha kukutsikira m'bulauzi. Aphunzitsi ankalira.

"Mumandiuza yankho. Kugwira. Mumandiuza, ine n'kukunyamulani."

Mlamu anatulukira pakhomo, foni ili m'manja. "Akuti sabata yamawa kuli ketulo yamagetsi!"

Mayi Simbi anati atembenuke kuti abwerere, koma msana unakana. Anayesanso, miyendo inachita dzanzi. Anatsetsereka pang'onopang'ono motsamira khoma kuti mutu wa bambowo usagunde, mpaka onse awiri anakhala pasimenti yonyowa.

"Alamu," anaitana, "siyani foniyo. Kagogodeni kwa aneba athu a telala, muwauze abwere ndi mnzawo. Onyamulidwa tilipo awiri."