Nyumba ya pa Makande

Mwamva zimene anthu akunong'onezana pa Lizulu? Eti Mervis, mwana wa a Bizwell olima kachewere aja, adakwirira mankhwala pabwalo la nyumba ya mnzake ku Lilongwe, n'chifukwa chake nyumbayo idalowa madzi. Bodza lenileni! Zokumba pansizo adakumbadi, koma dikirani ndikuuzeni bwinobwino.

Mervis adapeza ntchito m'sitolo ya nsalu mtauni, koma pogona adalibe. Bambo ake adagulitsa matumba a kachewere n'kumupatsa K270,000, n'kumuuza kuti zina kulibe. Asananyamuke adakatsanzika kwa azakhali ake a Hannah, anamwino a ku Sharpevale, amene adakhalapo m'nyumba za lendi ku Lilongwe zaka zambiri.

"Tamvera mwanawe," adatero a Hannah. "Chipinda chopanda magetsi ungachipeze pa K40,000 pamwezi. Cha magetsi ndi mpopi pabwalo, K80,000 kapena K90,000. Cha bafa ndi chimbudzi mkati usachilote n'komwe, chimadutsa K150,000. Eninyumba ambiri amafuna za miyezi itatu pakamodzi. Koma chachikulu ndi ichi: uno ndi Okutobala, nyumba iliyonse ikuoneka bwino. Iweyo uziiona ngati uli mu Febuluwale."

Ku Lilongweko adafikira kwa mnzake wa kwathu konkuno, Tawina, woluka tsitsi mu saluni. Tawina adamupezera Allan, dobadoba woperekeza anthu ofuna nyumba. Allan adawatengera kumunsi kwina. Eee, nyumba yake! Zipinda ziwiri, magetsi, mpopi, K70,000 yokha.

Tawina adayamba kale kuloza poika bedi. Koma Mervis adaona kuti layimu watsopano wapakidwa m'munsi mwa khoma mokha, kulekeza m'mawondo. Adatuluka panja, adanjuta, n'kutola kamtengo kukumba pansi. Dothi lake lakuda bii, long'ambikang'ambika.

"Awa ndi makande," adatero. "Pano m'padambo."

Allan adaseka. "Asisi, mwabwera kudzagona kapena kudzalima? Kuno sitidzala kachewere."

"Achimwene, ine ndakulira kudimba. Dothi ili likamwa madzi silifulumira kuuma. Nanga layimuyu akubisa chiyani?"

"Perekani lero," adatero Allan, "pali anthu atatu akuifuna."

Tawina adamutsina Mervis. "Iwe, ukundichititsa manyazi! Chimidzi chakocho ukadachisiya pa Lizulu."

"Ndalamazi zachokera ku chimidzi chomwecho," adayankha Mervis, akusasa dothi m'manja. "Sindipereka. Anthu atatuwo apatseni."

Tawina adapsa mtima, ndipo pofuna kumuonetsa kuti iye ndi wamtauni, adailipira yekha nyumbayo n'kusamukiramo. Mervis adayenda masiku atatu, dzuwa lili phwee, kufunsa khomo ndi khomo mpaka mapazi adachita matuza. Ntchito itatsala tsiku limodzi kuyamba, adapeza kachipinda kamodzi pamtunda, ka magetsi, K85,000. Adafunsa oyandikana nawo za mvula ndi za akuba, adalipira miyezi itatu, n'kuumirira kuti mwininyumba asaine papepala.

Mu Januwale mvula idagwa masiku awiri osakata. Kwa Tawina madzi adalowa n'kulekeza pomwe padalekeza layimu paja! Matiresi, thumba la ufa, mesh yolukira anthu tsitsi, zonse zidanyowa ndi matope. Mwininyumba adangoti, "Mvula si ine ndagwetsa." Allan foni osayankhanso.

Nkhani itafika kuno, anthu adaipotoza. Mervis atabwera kudzaona makolo, mayi wina wogulitsa kabichi adamufunsa pagulu, "Eti udamukwiririra chiyani mnzako?"

"Amayi," adatero Mervis mokweza kuti msika wonse umve, "inuyo mungamange nyumba m'dimba mwanu? Mankhwala anga ndi maso. Kafunseni Tawina, akugona pamphasa panga mpaka lero."

Mayiwo adangoyamba kusanja kabichi wosanja kale.

Phunziro: Nyumba ya lendi musaikondere kutchipa kapena penti. Ionereni nokha, funsani oyandikana nayo za nthawi ya mvula, dziwani mitengo, ndipo wokufulumizitsani kulipira mumukayikire. Nzeru zakumudzi sizitha ntchito mukakwera basi.

Nanga inu, dobadoba atakusekani pamaso pa mnzanu kuti ndinu achimidzi, mungapitirize kukumba kapena mungatulutse ndalama?