Mizere Iwiri Yoyera

Amuna anga anaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu, koma lero ndimachita kuwabisira sopo kuti angamudye. Matenda oiwala awadya mutu pang'onopang'ono. Miyezi itatu tsopano akunditchula kuti "mayi", ngati mlendo wodzapempha madzi akumwa. Ine amene ndachapa malaya awo a choko mpaka zala kusupuka! Zimandipsetsa mtima, kenako ndimakalirira kubafa.

Chimene sanaiwale ndi chithunzi chopachikidwa m'chipinda chawo chowerengera: pepala lakuda, mizere iwiri yoyera yoyambira pamodzi, wina kukhotera kumanja, wina kumanzere. Anzawo ankafunsira mbeta ndi mawu okoma, iwo anandifunsira ndi chimenechi. Tsiku limenelo ndinawapanikiza ndi funso limodzi, basi dzina langa linakhala Wamafunso.

Lachiwiri m'mawa nditawameta ndevu, ndinawakhazika patsogolo pa chithunzicho. Ndinkangofuna anditchule dzina langalo, kamodzi kokha.

"Aphunzitsi, ichi n'chiyani?" ndinafunsa.

Msana wawo unawongoka nthawi yomweyo.

"Mvetserani, mayi. Kuli kuwala kosaoneka ndi maso, kwamphamvu kuposa kuja ajambulira mafupa kuchipatala. Kukadutsa pafupi ndi phata la atomu, tinene mu mtovu, kumasanduka tinthu tiwiri, elekitironi ndi pozitironi. Kulemera n'kofanana, koma magetsi ake ndi otsutsana. N'chifukwa chake pa maginito kena kamakhotera uku, kena uko."

Ndinaponya funso lakale lija. "Nanga kuwalako kwapita kuti?"

Anandiyang'anitsitsa.

"Sikunatayike," anatero. "Kwasanduka tiwirito. Kungoti pozitironi sikhalitsa."

Kenako anamwetulira, kumwetulira kwawo kwenikweni, kumene ndinakusowa chaka chathunthu.

"Mukudziwa, mayi, funso limeneli anandifunsapo mtsikana wina. Wamakani ngati inu nomwe. Ndinamukwatira."

"Ali kuti pano?" ndinafunsa.

Anayang'ana kukhomo, nkhope itagwa. "Ndi zimene zikundidetsa nkhawa. Wamafunso sachoka osatsanzika. Inu mumayendayenda, chonde mukamuona mumuuze kuti ndikumudikira."

Ndinafuna kukuwa kuti ndine pano, bambo inu, ndine! Koma ndinayesapo kale zimenezo, ndipo anachita mantha tsiku lonse.

"Ndikamuuza," ndinatero, n'kuwapukuta thovu limene linatsalira kuseri kwa khutu.