Kachitatu kwa a Pelkonen

Pihla Karvonen anali ndi mabuku asanu ndi awiri m'mutu, ndipo onsewo ankanena chinthu chimodzi: munthu akakana, wakana. Zaka zitatu ali pa koleji ku Helsinki, akuphunzira ntchito yothandiza anthu ovutika ndi ya uphungu, aphunzitsi anamukhomerera mawu amenewa mpaka ankawalota. Usakakamize munthu. Usabwereze funso. Lemekeza "ayi" wake. Mwanayu anali wanzeru, ndisaname, koma nzeru zija zoti akapeza chitseko cholembedwa kuti "kankhani" amayamba wachifunsa ngati chakonzeka kukankhidwa.

Chotsala chinali chimodzi: miyezi itatu yoyeserera ntchito, kenako siginecha ya womuyang'anira. Anamutumiza kum'mawa, ku kaofesi ka m'tauni ya pakati pa nkhalango, kwa mayi Oili Tuovinen.

Lolemba la sabata yomaliza, mayi Oili anamuikira fomu patebulo.

"A Aulis Pelkonen. Zaka makumi asanu ndi atatu ndi zinayi, amakhala okha kumapeto kwa msewu wa kumacheka. Mwezi watha anagwa kawiri. Adokotala akuti akapanda kuvomera thandizo la pakhomo, tikawatenge akakhale kunyumba ya okalamba. Ubwere ndi fomuyi atasaina pofika Lachisanu, nanenso ndisaina yako."

"Nanga akakana?" Pihla anafunsa.

"Iwe ukuona kuti akakana zikhala bwanji?"

Ndi mmene ankayankhulira mayi Oili. Zaka makumi awiri za uphungu zinawaumitsa pakamwa, moti ngakhale uwafunse kuti chimbudzi chili kuti, ankapendeketsa mutu n'kukufunsa kuti mumtima mwako ukumva kuti chili kuti.

Pihla anafika kwa a Pelkonen m'mawa womwewo, chipale chofewa chikumufika m'akakolo. Anavula nsapato pakhomo n'kukhala m'khitchini mmene anaphunzitsidwira: miyendo yosapingasa, manja pamwendo, nkhope yomvetsera. Mkuluyo anali wamtali, wowonda, atavala juzi yoboola pachigongono. Khofi anali atawira kale, mabanzi a sinamoni ali m'mbale.

"Mumwa kakhofi?"

"Eya, zikomo kwambiri," anatero Pihla, akukoka kapu.

A Pelkonen anaima ketulo ili m'manja, akumuyang'ana ngati wawapempha nyumba. Anathira ndithu. Pihla anamwa makapu awiri n'kudya mabanzi atatu, chifukwa buku lachinayi limati kulandira chakudya cha munthu kumamanga ubale. Kenako anatulutsa fomu.

"Mungakonde kuti munthu azibwera kudzakukonzerani m'nyumba?"

"Ayi, musavutike ndi ine."

Pihla anachonga.

"Chakudya chotentha masana?"

"Mbatatesi ilipo."

"Kukuwazirani nkhuni za sauna, kanyumba kanu kosambira nthunzi kaja? Kukokolola chipale pakhomo?"

"Alipo ovutika kuposa ine."

Mafunso khumi ndi awiri, onse kukana. Akakana, mkuluyo ankaweramira kutsogolo, maso ali pakamwa pa Pihla, akudikira. Pihla ankagwedeza mutu mwachifundo n'kunena kuti, "Ndikulemekeza maganizo anu," n'kudumphira funso lina. Pofika funso lachisanu ndi chinayi, a Pelkonen anachotsa mbale ya mabanzi n'kuikweza pamwamba pa kabati.

Lachiwiri Pihla sanatulutse fomu, poti inali itayankhidwa kale. Anabwera ndi luso lija lobwereza mawu a munthu kuti adzimve yekha.

"Ndikumva mukunena kuti simufuna kuvutitsa anthu."

"Ndatero, inde."

"Ndipo ndikumva kuti mukuvomereza kuti mwatero."

"Mtsikana iwe, makutu akukuvuta?"

Lachitatu anayesa kukhala chete. Buku lachisanu ndi chimodzi limati phungu akangoti duu, munthu amapirira mphindi ziwiri zokha, kenako amakhuthula zonse. Amene analemba bukulo kuno sanafikeko. Anakhala mphindi makumi anayi akumvetsera firiji. Pomuperekeza pakhomo a Pelkonen anati, "Lero ndiye tacheza."

Pihla analira m'galimoto, kulira kwenikweni kotulutsa mamina. Ankaopa kubwerera ku Helsinki wopanda siginecha, zaka zitatu zitapita m'madzi. Koma chinamupweteka kwambiri ndi chimene anaona povala nsapato: kuseri kwa chitseko kunali sutikesi yakale yachikopa, yomangidwa ndi lamba, chipewa chili pamwamba. Mkuluyo anali atalongedza kale.

Lachinayi anapita wopanda luso lililonse, poti mabuku anali atatha. Atangokhala pansi, chitseko chinatseguka n'kulowa mayi wamfupi, wojintcha, atanyamula botolo la jamu. Anali mayi Lempi Huttunen, a nyumba yoyandikana nayo, ngakhale kuyandikana kwa kuno ndi makilomita awiri. Anavula chipewa, anavula magolovesi, anakhala pampando woyang'anizana ndi ketulo.

"Mumwa kakhofi?" anafunsa a Pelkonen.

"Ayi, ndangomwa kumene kunyumba."

"Kapang'ono chabe."

"Musavutike ndi ine, ndikungodutsa."

A Pelkonen anaika kapu patebulo n'kunyamula ketulo, akutsegula pakamwa kuti afunsenso. Apa Pihla magazi anamuwira. Munthu akukakamizidwa pamaso pake penipeni, iye ali ndi zaka zitatu za sukulu! Anadzuka n'kuphimba kapuyo ndi dzanja.

"Bambo Pelkonen, mayiwa akana kawiri. Tiyeni tilemekeze zimenezo." Anatembenukira mlendoyo ndi nkhope ija yomvetsera. "Mayi, muli ndi ufulu wosamwa khofi. Palibe angakukakamizeni ine ndili pano."

Anatenga kapuyo n'kuibwezera m'kabati, n'kutseka bwinobwino.

Mayi Lempi anaiperekeza kapuyo ndi maso mpaka inalowa. "Aulis, mwana ameneyu ndi wa ndani?"

"Wa boma."

"Ndayenda m'chipale ulendo wonsewu chifukwa cha khofi ameneyo. Kunyumba sindinamwe dala." Analoza Pihla ndi golovesi. "Ndakana kawiri kokha, mwana iwe. Kunatsala kamodzi. Kwanu mumavomera koyamba ngati galu woona soseji?"

"Anavomera koyamba," anatero a Pelkonen motsitsa mawu. "Ndi mabanzi atatu."

"Atatu," anabwereza mayi Lempi, dzanja lili pachifuwa.

Pihla anaima pakati pa khitchini nkhope ikutentha. Anakumbukira mkuluyo akuweramira kutsogolo kakhumi ndi kawiri konse, maso ali pakamwa pake. Manyazi anamugwira. Anakhala pansi, anapisa m'chikwama n'kutulutsa fomu ina yosalemba.

"Bambo, munthu wokonza m'nyumba?"

"Ayi, musavutike ndi ine."

"Kamodzi pa sabata chabe."

"Alipo ovutika kuposa ine."

Mabuku onse asanu ndi awiri ankakuwa m'mutu mwa Pihla kuti asiyire pomwepo.

"Azibwera ndithu, bambo. Galimoto imadutsa kale mumsewu muno."

"Chabwino, poti imadutsa kale," anatero a Pelkonen. "Lachiwiri ndi Lachisanu. Asakhudze mashelefu a malemu mkazi wanga Helmi."

Basi msewu unatseguka. Chakudya anakana kawiri, kachitatu n'kulamula kuti Lachinayi pazikhala supu wa nsawawa ndipo asamaphike wamadzimadzi. Nkhuni anakana kawiri, kachitatu n'kufotokoza msinkhu wake ndi mkono. Chogwirira cha mu sauna, fosholo ya pakhomo, belu lomangira padzanja akagwa, zonse zinadutsa njira yomweyo. Pakati pake mayi Lempi anapeza khofi wawo, koma anaumirira kuti ayambirenso kukana kuyambira pachiyambi, poti mwana wa boma anasokoneza kawerengedwe. Anamwa makapu anayi, anadya mabanzi awiri pa kufunsidwa kasanu ndi kamodzi, n'kunyamuka akudandaula kuti awachedwetsa.

Anatsala awiri, ndi funso lomaliza. Pihla analiwerenga monga linalembedwera.

"Mungakonde munthu woti azibwera kudzacheza nanu, muzimuuza zakukhosi?"

"Ayi. Ine ndi wailesi timakwanirana."

"Ola limodzi chabe pa sabata."

"Tizikamba chiyani? Ine ndilibe nkhani."

Pihla anaika cholembera pansi. "Ndikufunsa kachitatu, bambo."

Ulendo uno a Pelkonen anatembenuza kapu yawo patebulo, anayang'ana mashelefu aja, pamene panali timbale tamaluwa tosanjidwa mwa msinkhu wake, fumbi lili mbuu.

"Helmi atamwalira kunabwera abusa," anatero. "Kunabwera anamwino. Ana anga amaimba foni Lamulungu lililonse. A ku ofesi kwanu anabwera awiri iwe usanabwere. Onse anandifunsa ngati ndikusowa munthu. Anthu aulemu, onsewo. Onse anafunsa kamodzi kokha." Anapukuta mphuno ndi chigongono chija choboola. "Zaka ziwiri ndakhala ndi inde ameneyu m'kamwa. Lemba."

Pihla analemba, ngakhale kabokosiko sankakaona bwino chifukwa cha misozi. Palibe buku limene linamuuza kuti aike kuti nkhope yake.

Anatembenuza fomuyo kuti awasonyeze posaina, akukonzekera kale kupempha katatu. A Pelkonen sanadikire ngakhale koyamba. Anamulanda cholembera n'kulemba dzina lawo lonse, zilembo zazikulu zopendekera, mpaka linatulukira kunja kwa mzere.

"Ukawapatse amayi ako a mafunso aja," anatero. "Akufunse mmene ukumvera."

Pihla anaseka misozi ili m'masaya. Anaika fomuyo m'chikwama mosamala, anatseka zipi, anaitsegulanso kuti aone ngati ilimo. Atadzuka n'kuvala jekete, maso ake anagwera kuseri kwa chitseko.

"Bambo, ndikuthandizeni kumasula sutikesiyo?"

"Ayi, musavutike ndi ine."

Pihla anavulanso jekete lake, anakoka mpando, n'kukhala pansi bwinobwino.